Mlandu wa Abiti Jafali ndi Makina Osauzidwa

Ndinadandaula koyamba Lachinayi la sabata yachiwiri ya Febuluwale, chaka chomwe bungwe lathu linatsegula zipatala zake ziwiri zazing'ono, china kufupi ndi nyanja ya Chiuta, china ku Phalula. Ndinadandaulanso mu Meyi chaka chomwecho, kenaka chaka chotsatira mvula itangoyamba, ndiponso nditapuma kale pantchito. Makope a makalata onsewo ali m'sutikesi yabuluu ili pamwamba pa wadiropu, ndipo palibe ndi imodzi yomwe inayankhidwa. Ana anga, ndikulemba mutu uno kuti mudziwe chomwe bambo wanu anamalizirira ntchito yake m'nyumba yosungiramo zinthu zakufa. Koma chachikulu n'choti dzina la mayi wina, Abiti Jafali, liyere. Mayiyo anachotsedwa ntchito pa mlandu woti analemba munthu wamoyo kuti wamwalira. Sanatero. Dzina la bungwe sindilitchula muno, eni ake akudzidziwa.

Zaka zoyamba, ku Liwonde

Ntchito ndinayambira ku Liwonde, pa ofesi ina yaing'ono, ngati wokonza mataipilaita ndi makina ochulukitsira mapepala. Bwana wanga woyamba anali a Chimtengo, munthu wowonda, wosaseka, yemwe ankavala tayi ngakhale mu Okutobala pamene ena tonse tinkapuma ngati agalu. Iwo ndi amene anandiphunzitsa kusunga mapepala. Tsiku lina ndinawauza pakamwa kuti riboni yatha, ndipo patatha sabata anandikalipira kuti sindinanene. Nditati ndinanena, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nati, "A Mulinde, pakamwa ndi mphepo. Pano chomwe sichinalembedwe sichinachitike." Ndinakwiya tsiku limenelo, koma mawuwo ndakalamba nawo.

Kompyuta yoyamba inafika pa ofesiyo itakulungidwa m'bulangete ngati wodwala. Poti ine ndinali wa zomangira ndi mafuta, anati inenso ndikhale wa kompyuta, nanditumiza kukaphunzira. Kuyambira pamenepo moyo wanga unali wolimbana ndi fumbi, nyerere zomanga m'makina, ndi magetsi othima osatsanzika. Ndinaphunzira zambiri pogwira, zina powerenga mabuku omwe alendo ankasiya. Sindinafike ku yunivesite, ndipo sindinadziyesepo katswiri. Ndinali munthu woti akaona chinthu chikutsimphina amanena.

Febuluwale, ku Balaka

Nditakwanitsa zaka zambiri ku Liwonde ndinalembedwa ntchito ndi bungwe loona za umoyo lomwe ofesi yake inali ku Balaka. Bwana kumeneko anali a Magombo. Sindinganene kuti anali munthu woipa. Anali munthu wothamanga, foni kukhutu nthawi zonse, woopa akulikulu monga mwana aopera bingu. Chaka chotsegula zipatala ziwiri zija mafuta a galimoto ankasowa, ndipo ulendo uliwonse unkachita kupemphedwa ngati mkazi.

Apa ndiyenera kufotokoza pang'ono za ntchito, kuti zotsatirazi zimveke. M'kati mwa kompyuta yachitsulo mutha kukhala kompyuta ina yopanda thupi, yomwe ndi fayilo chabe koma imagwira ntchito ngati yeniyeni. Ife tinkati yachitsuloyo ndi mwininyumba, yopanda thupiyo ndi mlendo. Ubwino wa mlendo ndi woti utha kumuimitsa ali pakati pa ntchito, kumukopera pa diski, n'kukamudzutsa m'nyumba ina. Akadzuka amapitiriza pomwe analekera, osadziwa kuti wasamutsidwa, osadziwanso kuti kwina kwadzuka mnzake wofanana naye chilichonse. Pakatikati pa mlendoyo pali chomwe timati kenelo, chimene chimalamula zonse, ndipo pansi pa kenelo pali timapulogalamu totchedwa madalaiva, kalikonse koyendetsa chipangizo chake, monga makina osindikiza.

Wodwala aliyense watsopano ankapatsidwa khadi lokhala ndi nambala yaitali. Nambalayo sinkayenda motsatana iyayi. Kenelo inkaitola ngati maere m'chitini chokhutchumula, kuti zipatala zotalikirana, zopanda netiweki, zisapereke nambala imodzi kwa anthu awiri. Koma dalaiva wa makina athu osindikiza makadi anali ndi khalidwe lake. Ankatoleratu manambala angapo n'kuwafumbata, kuti wodwala akafika asadikire.

A Magombo analamula kuti tisakakonze makina a chipatala chilichonse kuyambira pachiyambi, poti zimenezo zinkafuna netiweki komanso kugona komweko. Anati tiimitse mlendo wa pa ofesi, yemwe anali wokonzeka kale, timukopere kawiri. Ndinalemba kalata yanga yoyamba, kenaka ndinalowa mu ofesi mwawo.

"Bwana, makopewa adzadzuka atafumbata manambala ofanana."

"A Mulinde, ndafunsa kale kulikulu. Akuti kenelo yathuyi ndi yatsopano. Mwininyumba amaiuza ikakopedwa, ndiye imakhutchumulanso chitini chake. Vuto lili pati?"

"Zoona, bwana, kenelo imauzidwa. Koma iyo imauza ndani? Uthenga ukufika kwa mkulu, mkulu akungousunga. Dalaiva sakumva kanthu, ndipo manambala ali kale m'manja mwake."

"Angati?"

"Ochepa. Mundilole ndikasindikize makadi oyambirira pa chipatala chilichonse n'kuwataya. Akatha amenewo, ena onse adzakhala atsopano."

Anaseka, osati monyoza, koma motopa. "Kutaya makadi? Mukudziwa komwe amachokera makadi amenewa? Khadi lililonse lowonongeka ndiyenera kulifotokoza kulikulu. Inu a Mulinde mumaona njoka paliponse. Pitani mukadzutse makinawo, galimoto idzapezeka Lolemba loyamba la Malichi lokha."

Malichi, ku Chiuta

Ndinapita. Msewu unali matope okhaokha, ndipo tinakankha galimoto kufikira nsapato yanga ina inatsala m'thope. Pa chipatala ndinapeza kalaliki watsopano atasesa kale chipinda cha kompyuta, atayalanso kansalu koluka pa tebulo. Ameneyo ndiye Abiti Jafali, mayi wa ana atatu, mwamuna wake msodzi. Anali mkazi woyamba m'banja lawo kulembedwa ntchito ya mu ofesi, ndipo apongozi ake anabwera kudzasuzumira pa windo kuti aone ngati n'zoona.

"Ajimwiche uli, baba? Mwabwera ndi phazi limodzi, linalo mwapereka msonkho?" anatero, moni wake ali wa Chiyao, akundipatsa madzi osamba.

Ndinamuphunzitsa tsiku lonse. Anali wochedwa pa zala koma wosamala, moti nambala iliyonse ankaiwerenga mokweza asanadine. Nditamuuza kuti makina awa ndi kope la makina a ku Balaka, ndipo mapasa ake akupita ku Phalula, anafunsa kuti, "Nanga iwowo akudziwa kuti ali ndi m'bale wawo?" Ndinati sakudziwa bwino. Anati, "Walahi, ndiye ali ngati ana a bambo anga." Tinaseka. Makadi anali asanafike, anabwera pambuyo pake ndi galimoto ya mankhwala, pamodzi ndi chenjezo loti khadi lowonongeka ndi mlandu wa kalaliki. Sabata yotsatira ndinakadzutsa kope lachiwiri ku Phalula, nakonso makadi kunalibe.

Tsiku lotsegula, woyamba pa mzere ku Chiuta anali Che Ajasi, msodzi wachikulire wodwala mtima. Ku Phalula woyamba anali Mayi Esinati, wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu waukulu, yemwe ankadwala khunyu kuyambira ali mtsikana. Anthu awiriwa sanaonanepo chibadwire. Kumapeto kwa mwezi zolembedwa za zipatala zonse zinkabwera ku Balaka n'kuphatikizidwa, ndipo makina aakulu ankatsata nambala, osati dzina. Za ku Phalula zinkafika msanga chifukwa cha msewu wa tala, choncho dzina lomwe linakhazikika pa nambala ija linali la Mayi Esinati. Mu Meyi ndinalemba kalata yachiwiri yopempha kuti tifananitse makadi oyambirira a zipatala ziwirizi. A Magombo anaiika pansi pa kapu ya tiyi. Kope langa ndi loyera, lawo lili ndi chizindikiro cha kapu.

Chaka chotsatira, nyengo yotentha

Che Ajasi anamwalira mu Seputembala. Abiti Jafali anapita ku maliro, ndipo Lolemba analandira khadi kwa mwana wa malemuyo, nawerenga nambala mokweza monga mwa chizolowezi chake, nalemba kuti wamwalira. Anachita zomwe ndinamuphunzitsa. Mwezi utatha, makina a ku Balaka analandira uthengawo n'kuupachika pa dzina la Mayi Esinati.

Mankhwala a odwala matenda okhalitsa ankalongedzedwa ku Balaka, phukusi la munthu aliyense palokha, ndipo akufa sankalongedzeredwa. Mayi Esinati atapita kukatenga awo anauzidwa kuti phukusi lawo silinabwere, mwina latsalira, ayesenso mwezi wamawa. Anthu athu anazolowera kuuzidwa zimenezo, palibe amene anadabwa. Mwezi wamawawo zinali chimodzimodzi. Mkati mwa Novembala, akukazinga chimanga, matenda aja anawagwetsa, ndipo anagwera pamoto. Anapsa dzanja lamanja ndi tsaya. Namwino wa ku Phalula ataimba foni mokalipa kufunsa za mankhwala, mnyamata wolongedza anayang'ana m'makina nayankha kuti, "Koma mayi amenewo anamwalira."

Ndinakwera minibasi ndi ndalama zanga kukawaona. Ndinawapeza atakhala pakhonde, dzanja lili m'nsalu, ntchentche zikuwazungulira. Benchi lawo la tomato linali litagadabuzidwa pambali pa nyumba.

"Ndinu a ku ofesi? Akuti ndinafa, bambo. Ndi zoona?"

"Makina ndiwo akutero, mayi."

"Ndiye bwanji simunabwere ku maliro? Ngakhale kansalu kokha." Anayesa kuseka koma tsaya linawakaniza. Kenaka anati, "Dzanja ili ndi lomwe ndimaunjikira tomato. Mukawauze makina anuwo."

Ndinapempha kuona khadi lawo, ndipo anandibwereka. Loweruka lake ndinapita ku Chiuta, komwe Abiti Jafali ananditulutsira khadi la Che Ajasi m'kabati. Nditawagundanitsa, nambala inali imodzi kuyambira koyamba mpaka kotsiriza. Sindinasangalale kuti zomwe ndinanena zachitika. Ndinakhala pa benchi la odwala.

Disembala, msonkhano

Kulikulu kunachokera anthu awiri, mayi wina wa za antchito ndi mnyamata wa makompyuta. Anabwera ndi lipoti lotaipa kale. Linkati makina akusonyeza kuti amene analemba imfa ya Mayi Esinati ndi kalaliki wa ku Chiuta, ndipo chifukwa chake ndi kusasamala potaipa nambala. Abiti Jafali anaitanidwa. Anakhala kumapeto kwa tebulo atavala mpango wake woyera wopitira ku mzikiti Lachisanu, manja ali pamiyendo.

Ndinaika makadi awiri aja patebulo. Mnyamata wa kulikulu anawayang'anitsitsa, ndipo ndinaona kuti nkhope yake yasintha. Koma anati, "Izi siziyenera kutheka. Kenelo imadziwa ikakopedwa." Ndinabwereza zomwe ndinauza a Magombo, kuti kenelo imadziwa koma siuza dalaiva. Anati mwina, afunika akafufuze. Mayi wa za antchito anamudula, nati khadi la malemu likanatha kusindikizidwa pambuyo pake ndi munthu wofuna kudziteteza.

"Mayi, taonani khadilo," anatero Abiti Jafali. "Likununkha nsomba. Lakhala m'thumba la Che Ajasi chaka ndi miyezi. Ine ndingasindikize fungo?"

Ndinapempha kuti andilole ndikopere mlendo uja kawiri pomwepo, tisindikize khadi limodzi uku, lina uku, aliyense aone ndi maso ake. A Magombo anayang'ana alendo aja, alendo anayang'ana wotchi. Anavomera monyinyirika. Ndili mkati molumikiza mawaya magetsi anathima, ndipo jenereta inalibe mafuta. Tinakhala m'chipinda chotentha tikudikira, mpaka mayi wa za antchito uja anati ali ndi ulendo wautali. Anasiya lipoti kuti ine, monga woyang'anira makina, ndisaine kuti makinawo alibe vuto.

Alendo atapita, a Magombo anatseka chitseko. "A Mulinde, ndikupemphani ngati m'bale wanga. Tikanena kuti makina ndi olakwa, otithandiza aimitsa zipatala zonse ziwiri mpaka afufuze. Odwala onse aja apita kuti? Kalaliki ndi mmodzi. Inu mwatsala pang'ono kupuma. Sainani, makadi enawo tiwakonza mwakachetechete."

Sindinganame, mawu awo anali ndi kulemera kwake, ndipo ndinapita nawo kunyumba. Mayi anu anali akusankha nandolo pa lichero. Nditawafotokozera anati, "Bambo a Chisomo, Chisomo ali Fomu 3, Madalitso sanayambe n'komwe sekondale. Mukufuna tidye makalata anuwo?" Ndinati sindikudziwa. Anapitiriza kusankha. Patapita nthawi anafunsa kuti, "Mayiyo analakwa?" Ndinati iyayi. Anati, "Ndiye mukundifunsiranji ine? Mukufuna ndikuuzeni kuti musaine, kuti mawa muzidzati anandikakamiza ndi akazi anga? Ine ayi."

M'mawa mwake ndinabweza lipoti losasaina, pamodzi ndi kalata yachitatu. A Magombo sanakalipe. Anangoti, "Mwadzipweteka chabe." Ananena zoona. Lipotilo linasainidwa ndi munthu wina, ndipo Abiti Jafali analandira kalata yomuchotsa ntchito chaka chisanathe. Makadi ena oyambirira aja anasinthidwadi mwakachetechete, odwala akuuzidwa kuti akale atha ntchito. Mankhwala a Mayi Esinati anayambanso kubwera, pa nambala yatsopano, popanda wowapepesa.

Zaka zotsiriza, kwa Nsamala

Mu Januwale ndinasamutsidwira ku nyumba yosungiramo katundu ya bungwe kwa Nsamala. Kalata yake imati ndinasankhidwa chifukwa cha luso langa losunga zinthu. Kumeneko ndinkayang'anira mabatire akufa, mipando yothyoka ndi makompyuta omwe ine ndemwe ndinawakonzapo kale. Denga linkadontha, makoswe anali anzanga. Chisomo, ukukumbukira kuti chaka chimenecho unachoka ku sukulu yogonera konko n'kuyamba yoyendera. Sunandifunse chifukwa, ndipo ine sindinakuuze. Chifukwa chake ndi chimenechi. Nthawi yanga itakwana ndinapuma popanda phwando, a Magombo ali kale ku ntchito ina yapamwamba.

Ndinamva kuti pambuyo pake makina osindikiza aja anasinthidwa, ndipo atsopanowo amataya manambala akale akangouzidwa kuti akopedwa. Ngati ndi choncho, ndiye kuti wina kulikulu anafufuza napeza chomwe ndinkanena. Amene anapezayo anakonza makina, koma sanakumbuke munthu.

Chaka chatha ndinapita ku Chiuta. Ndinamupeza Abiti Jafali akuyanika matemba pa thandala, nkhope itada ndi dzuwa. Anandilandira ndi nthabwala zake zomwe zija, nafunsa ngati nsapato yanga ija inamera. Tili kucheza panadutsa amayi awiri ochokera ku dooko, ndipo mmodzi anafuula kuti, "Abiti Kompyuta, lero mwapha angati?" Anaseka okhaokha n'kumapita. Iye sanatukule mutu. Anapitiriza kutembenuza nsomba, nati, "Zimenezo ndi za tsiku lililonse, baba. Ntchito sindikuifunanso, zala zinaiwala. Koma mwana wanga wamkazi anakana kukaphunzira kompyuta kusukulu. Akuti za kwathu n'zakupha anthu. Ndikanangofuna kapepala koti ndimuonetse."

Ndinamulonjeza kapepalako. Ndi chifukwa chake mutu uno ndautaipa kawiri, kope lina la inu ana anga, lina ndikulitumiza kwa akuluakulu a bungwe lomwe ndinaligwirira ntchito, ndi pempho ili.

Ine Mulinde, yemwe ndinali woyang'anira makina ku ofesi yanu ya Balaka, ndikupempha mwaulemu kuti nkhani yomwe ndinaidandaula koyamba mu Febuluwale uja iyankhidwe molemba. Yankholo linene ngati n'zoona kapena ayi kuti makina a ku Chiuta ndi a ku Phalula anali makope a makina amodzi, kuti dalaiva wosindikiza makadi sanauzidwe za kukopedwako, ndi kuti chifukwa cha chimenecho Che Ajasi ndi Mayi Esinati anapatsidwa nambala imodzi. Makadi onse awiri ndili nawo, ndipo amene akufuna kuwaona, kapena kuwanunkhiza, abwere. Za ine sindikupempha kanthu. Kalatayo ilembedwe kwa Abiti Jafali, m'Chichewa, pa pepala la ofesi, ndi chidindo, ndipo inene poyera kuti iye sanalakwe. Mukaitumize kwa ine. Ndidzakwera nayo basi ndekha mpaka ku Chiuta, ndipo ndidzaiwerenga mokweza pa thandala la matemba, nthawi yomwe amayi amachokera ku dooko, mwana wake wamkazi ali pomwepo.